Mapale a ku Mwala wa Nkhwali

Kawale, Lilongwe
12 Febuluwale 2024

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji ku Machinjiriko? Mwendo uja ukuvutabe? Kuno tili bwino. Mpongozi wanu Emily akulemera tsiku ndi tsiku, ndipo ku sikelo akuti zonse zili m'malo mwake, tiyembekezere mwezi wa Juni. Wandisandutsa wogula mandimu, china chilichonse akuti chikununkha.

Ndalemba kalata poti foni yanu imakhala m'chikwama pansi pa bedi, imaitana mpaka kutopa yokha. Kalisto wa lole uja ndamupatsira shuga ndi sopo, mumufunse asanayambe kunena kuti anaiwala.

Tsopano imvani nkhani yabwino. Pa Khirisimasi paja ndinakwera ku Mwala wa Nkhwali, kuseri kwa munda wanu, komwe munkatiletsa kusewera tili ana. M'phanga muja ndinatola phale lokhala ndi mizeremizere m'mphepete. Nditabwerera kuntchito ndinawaonetsa abwana anga, a Dokotala Mwalwanda. Si dokotala wa jakisoni ayi, ndi mayi wophunzira za zinthu zakale zokwiririka pansi. Amayi, munthu uja anavula magalasi, anawavalanso, kenako anandifunsa komwe ndalitenga. Akuti mphika umenewo unaumbidwa zaka zoposa chikwi zapitazo, Blantyre kulibe, Mzungu sanabwere, ngakhale agogo athu asanalote zochoka ku Mozambiki.

Ine pa ofesi pano ntchito yanga ndi yotsuka mapale ndi kuwalemba manambala. Palibe amene anandifunsapo maganizo. Koma sabata yatha anandiitana m'chipinda cha mabwana, anandipatsa mpando, ine n'kumalongosola za kwathu anthu akulemba. Agwirizana kuti mvula ikatha, mwezi wa Juni womwewo, tibwere tidzafukule. Zikayenda bwino malowo adzatchingidwa ndi mpanda, adzalowa m'gulu la malo otetezedwa a dziko lonse. Ana asukulu azidzabwera pa basi kudzaona kuseri kwa munda wanu.

Ndikupempha kuti muyambe kuwanong'oneza amayi anzanu a Mvano, kuti tikamabwera asadzadabwe. Padzafunikanso wophikira anthu ofukula, ndipo ndanena kale kuti mayi anga ndiwo amadziwa kuphika nandolo mu Blantyre yense.

Ndine mwana wanu,
Howard


Machinjiri
20 Febuluwale 2024

Phoebe mwana wanga,

Uli bwanji ku Joniko? Mabwana ako akukusunga bwino? Juzi ija inafika, koma ndi yaikulu, mwina unkaganiza kuti ndanenepa ndi mpweya. Kalatayi uwerenge uli wekha.

Mlongo wako wandiputira nkhani. Akuti akubwera ndi anthu a ku likulu kudzafukula m'phanga la ku Mwala wa Nkhwali, poti muli mapale akalekale. Wakondwa ngati wapeza mkazi wachiwiri.

Iwe ukudziwa, poti ndiwe mkazi ndipo ndinakuuza utakula. Kumeneko ndi komwe amayi a dera lino timakaika nthayo, ana obadwa atafa kale. Amenewa kumanda a akuluakulu sapita, bokosi sitiwakhomera, nyimbo sitiwaimbira, ndipo mwamuna sapita nawo kapena kuuzidwa malo ake. Timakumba pang'ono chabe, dzanja kulekeza m'chigongono, poti akuti ukakumba mozama mayi wake sadzaberekanso. Pamwamba timavundikira mapale kuti agalu asafukule. Mapalewo sitichita kubwera nawo kuchokera kunyumba, ali mbwee m'phanga momwemo. Amayi anga anawapeza, agogo ako aakulu anawapeza. Timangosankha aakulu bwino n'kuvundikira. Zoti ndi a zaka chikwi ndazimva lero ndi Howard.

Chaka chija Howard anali ku Karonga ku maphunziro a ntchito, Emily akukhala ndi ine, ukukumbukira kuti mimba yake yoyamba sinathe bwino. Iye anakomoka kuchipatala, sanaone kanthu. Poti mayi ake a Emily anatisiya kale, mwanayo ndinamunyamula ndine, m'nsalu yanga, pamodzi ndi Mayi Hajara a pachigayo. Tinamugoneka kumapeto kwa phanga, pafupi ndi khoma. Howard atabwera ndinangomuuza kuti Mulungu watenga, iye anagwedeza mutu, sanafunse zambiri, monga amachitira amuna olangizidwa bwino.

Khirisimasi itapita ndinakwera kukaona ngati mvula sinawononge. Ndinapeza phale limodzi palibe, ndinatukwana mbuzi za eni, n'kuikapo lina. Phoebe, sizinali mbuzi. Phale limene mlongo wako akunyadira nalo ku Lilongwe analichotsa pamwamba pa mwana wake yemwe.

Usandifunse kuti mayi wa Mvano ngati ine ndikuopa chiyani. Lachinayi ndimavala zoyera ndipo ndimaimba kuposa onse. Koma Emily wadikira zaka zonsezi kuti aimenso, tsopano zatheka, ndiye ine ndilole fosholo ikhudze pamenepo iye ali ndi pakati? Kapena ndimuuze mwamuna zimene mwamuna sauzidwa? Zonse ziwiri zikundiopsa, ndipo sindikufuna kuyesa ndi mimba ya mwana wa eni.

Undiyankhe msanga kudzera kwa madalaivala a basi omwe aja. Pa foni usayerekeze, makoma a nyumba zathuzi ukuwadziwa.

Mayi ako,
Ellen


Machinjiri
22 Febuluwale 2024

Howard,

Shuga ndi sopo zafika, zikomo. Emily umulonjere, mandimuwo uzigula osadandaula.

Za kuphanga zija, ine ndakana. Kuli njoka zambiri, anthu ako adzalumidwa, mlandu udzakhala wako. Komanso njira yake imadutsa m'munda mwanga, ndipo Juni nandolo amakhala ali ndi maluwa. Mwendo nawo sundilola kuphikira gulu.

Mapanga m'Malawi muno ndi ambiri. Uwauze abwana akowo akafukule ku Mulanje kapena kwawo komweko. Phale unatengalo ukamabwera ubwere nalo.

Mayi ako


Kawale, Lilongwe
9 Malichi 2024

Achemwali a Phoebe,

Ndikhulupirira muli bwino. Kuno tili bwino, mlamu wanu akupereka moni.

Ndithandizeni kuwayankhula Amayi. Ndawalembera nkhani yoti mtundu wonse unyadire, iwo akundiyankha za njoka ndi nandolo. Amayi omwe aja amene anapha mphiri ndi mpini wa khasu ife tikuthawa, lero akuopa njoka? Ine ndikuganiza kuti a Yona ogulitsa mapuloti aja awalowa m'mutu. Mukudziwa kuti akhala akulisirira dera lonse la kuphiri lija. Mwina awauza kuti boma likabwera lidzalanda munda. Palibe amene akufuna munda wawo.

Achemwali, inu mwayenda, mundimvetsa. Ife Alomwe tinafika pamalo paja dzulodzuloli. Amene anaumba miphika ija si agogo athu, si agogo a Ayao, mwina si agogo a Amang'anja omwe. Ndi anthu amene palibe akudziwa dzina lawo, ndipo chimene anasiya ndi mapale okhawo. Ndiye mwini wake ndani? Ine ndikuti ndi dziko lonse, mwana wa ku Chitipa ndi mwana wa ku Nsanje chimodzimodzi. Tinakula tikuloweza mabwinja a m'mayiko a eni kuti tikhoze mayeso, pamene athu ali kuseri kwa nyumba mbuzi zikugonamo.

Ndipo nthawi palibe. Ophwanya miyala afika kale m'munsi mwa phiri. Amayatsa matayala pa mwala mpaka ung'ambike, m'mawa n'kuyamba kugogoda. Chichitikireni namondwe wa Freddy anthu akumanga ndi miyala, mtengo wake wakwera. Tikangokhala chete, zaka ziwiri zitatu Mwala wa Nkhwali udzakhala maziko a nyumba za anthu. Mpanda wa boma wokha ndiwo ungawaimitse.

Chinthu china chosangalatsa. Kumapeto kwa phanga mapale sanangomwazika ayi, ndi ovundikirika m'timagulu, mooneka kuti munthu anachita kuwayala ndi manja. Ndinajambula. Dokotala ataona chithunzicho anati dzenje loyamba tikakumbe pomwepo, mwina pansi pake pali chinachake. Usiku sindigona poganiza kuti tikapezapo chiyani.

Mwezi wamawa tikupita kukachititsa msonkhano wa anthu onse a m'deralo. Chonde Amayi asakandichititse manyazi pamaso pa mabwana.

Mlongo wanu,
Howard


Johannesburg
24 Malichi 2024

Amayi,

Makalata onse awiri ndalandira, yanu ndi ya Howard, ndipo ndawerenga ndili m'bafa la abwana, madzi ndikutsegula kuti asamve kulira.

Amayi, akufuna kuyambira pa timagulu ta mapale ta kumapeto kwa phanga. Walemba yekha. Ndiye za njoka zanuzo zisiyeni, mwana wanu si chitsiru, wayamba kale kukuganizirani kuti a Yona akugulani.

Ine ndikuti muuzeni. Mwambo umenewu anaupanga nthawi imene amuna ankangopita kumunda ndi kumowa, sankayenda ndi mafosholo a boma. Ngati simungathe kumuuza iye, mukaime pa msonkhano umene akubwera nawowo, inu ndi amayi anzanu, mukanene kuti pamenepo pali ana athu. Basi. Simukufunika kutchula mayina.

Komanso musamuone Howard ngati mdani. Za ophwanya miyala akunenazo ndi zoona, ndipo iwo sadzachititsa msonkhano.

Juziyo muzivala choncho, kuzizira sikuona saizi.

Phoebe


Machinjiri
6 Meyi 2024

Phoebe,

Kalata yako yafika dzana, itagona pa boda pamodzi ndi katundu wa anthu mwezi wathunthu. Msonkhano unachitika kale.

Unachitikira pa bwalo la sukulu. Amuna anakhala kutsogolo pa mabenchi, ife kumbuyo pa zitenje, monga mwa nthawi zonse. Dokotala wawo uja sanabwere, anatuma anyamata awiri ndi mlongo wako, atavala malaya oyera amene sindinawaonepo. Anayankhula bwino, ndisaname. Anati chuma cha dziko, anati ana asukulu, anati maganyu kwa anyamata. Amuna atamva za maganyu anayamba kuwomba m'manja asanamalize. Bambo wina anafunsa ngati pansipo pali golide amene Azungu anabisa, anthu anaseka, nkhani inakoma.

Kenako mmodzi wa anyamatawo anati, "Kodi alipo amene akutsutsa? Amayi kumbuyoko, this is your chance, yankhulani momasuka."

Tiyankhule momasuka, apongozi athu aamuna ali pomwepo, ana athu aamuna ali pomwepo, abusa ali pomwepo? Ndinayang'ana Mayi Hajara, iwo anayang'ana zala za kumapazi. Kumbuyo konse kuja, mwa amayi amene tinakhalapo, ochepa okha ndiwo alibe wawo m'phanga muja, kaya mwana, kaya mdzukulu. Ena ali ndi awiri. Palibe amene anadzuka. Mnyamata uja anadikira pang'ono n'kunena kuti, "Ndiye kuti tonse tagwirizana." Anthu anawombanso m'manja.

Ukuti ndikanaima. Iwe uli kutali, pakamwa pamapepuka. Ndinayesa, Phoebe, mpaka ndinagwira pansi kuti ndidzuke, koma Howard anandiyang'ana akumwetulira, akuganiza kuti ndikufuna kumuyamikira. Ndinakhalanso pansi.

Madzulo anadya kwathu, anandithokoza kuti sindinamuchititse manyazi. Anafunsa tsiku limene ndidzapite ku Lilongwe kukadikirira Emily. Ndinamuuza kuti aitane mkulu wake wa Emily wa ku Chilomoni, ine mwezi wa Juni sindichoka pano. Anakhumudwa, anati ndikukonda nandolo kuposa mdzukulu. Phale lija sanabwere nalo, akuti analilemba kale nambala, tsopano ndi la boma.

Mayi ako


Kawale
15 Meyi 2024

Amayi,

Ndine mpongozi wanu Emily. Kalatayi ndaipinda m'kati mwa nsalu imene ndakutumizirani, bambo a kunyumba kuno sakudziwa kuti ndalemba. Ine ndili bwino, miyendo yokha ndiyo yatupa.

Amayi, mundikhululukire ngati ndikufunsa zosafunsa. A Howard amaonetsa aliyense wobwera pakhomo pano chithunzi cha m'phanga, mpaka wogulitsa makala anachiona. Ine ndinachiyang'ana bwino tsiku lina iwo akusamba. Mapale aja anayalidwa ndi manja a munthu wamkazi, momwe timavundikirira mbale tikatsuka. Ndipo timagulu take ndi tating'ono, Amayi, tating'ono kwambiri. Kenako ndinakumbukira kuti inu simunakanepo kubwera ine ndikadwala, koma ulendo uno mwakana.

Chichokereni kuchipatala chaka chija sindinakufunseni komwe munapita naye. Anandilangiza kuti ndisafunse, ndisalire, ndingoiwala kuti ena abwere. Ndinamvera, koma kuiwala kokha kunandikanika. Ndikamva anthu akuti Emily alibe mwana ndimangoseka nawo.

Ndiuzeni mawu amodzi okha. Ndi pamenepo?

Ngati ndi pamenepo, ine sindingathe kumawachapira malaya oti akavale pokafukula.

Emily


Machinjiri
21 Meyi 2024

Emily mwana wanga,

Nsalu ndalandira, ndi yokongola.

Inde, ndi pamenepo. Ali pouma, mvula sifika, ndipo ndimapitako.

Tsopano undimvere. Iwe ntchito yako ndi imodzi, kunyamula amene uli nayeyo mpaka atuluke akulira. Usamuuze mwamuna wako kanthu usanachire. Ukadzachira, pakamwa ndi pako, ine sindidzakuletsa. Malayawo chapa, usite bwino. Za kuphanga utisiyire ife, tilipo ambiri.

Mayi ako


Machinjiri
14 Juni 2024

Phoebe,

Ndikhulupirira uli bwino. Khala pansi, nkhani ndi yaitali.

Anabwera Lolemba ndi galimoto ziwiri. Tsiku loyamba anangoyeza, kujambula, ndi kukhoma zikhomo. Madzulo ndinakwera ngati ndikukathyola ndiwo, ndinapeza amanga zingwe zoyera kuzungulira kumapeto kwa phanga, ana athu onse ali m'kati mwa zingwezo. Ndinatsika n'kuyenda khomo ndi khomo.

Lachiwiri m'mawa iwo pofika anatipeza titakhala kale. Tinalowa m'kati mwa zingwe, aliyense pafupi ndi wake, miyendo titatambasula. A Mvano, a Chikatolika, Asilamu, ngakhale mayi uja wa kachasu amene sitiyankhulana naye chiyambire nkhani ya nkhuku. Sitinaimbe, sitinanyamule zikwangwani. Tinangokhala.

Howard nkhope inagwa. Anabwera n'kugwada pafupi nane, akunong'ona. "Amayi, mukundipanga chiyani? Pa miting'i paja simunavomere nokha? Mukufuna andichotse ntchito? Ngati ndi za munda tikambirana kunyumba, please dzukani." Bondo lake linali pafupi kukhudza mapale a mwana wake. Ndinangomuuza kuti asunthe pang'ono, iye anasuntha osadziwa chifukwa.

Anyamata a maganyu anayamba kutilalatira kuti tikuwatsekera mwayi. Wina anati aitane apolisi. Apo ndi pamene Dokotala uja anabwera. Ndi mayi wamfupi, wa imvi, wovala nsapato za amuna. Anatiyang'ana ife, anayang'ana pansi pomwe takhala, nthawi yaitali ndithu. Kenako anatembenuka n'kunena kuti amuna onse atsike akadikire ku galimoto. Howard anati, "Ngakhale ine, Dokotala?" Iwo anati, "Makamaka amene mayi ake ali pano."

Amuna atapita anavula chipewa n'kukhala pansi, kunja kwa zingwe. Anati, "Amayi, ine Chichewa changa ndi cha kusukulu, koma ndimamva. Pansipa pali ndani?" Mayi Hajara ndiwo anayamba. Kenako wina, kenako wina. Phoebe, amayi amene sanaloledwe kulira zaka makumi awiri analira tsiku limenelo, dzuwa likuswa mtengo.

Dokotala anafunsa za mapale, ndinamuuza kuti timatola momwemo. Anagwira kumutu. Anati kwa iwo phale limayankhula likakhala pomwe mwini wake analisiya, ukalisuntha lasanduka bubu. Anati mbali yonse ya kumapeto ija, imene ankaiyembekezera kwambiri, yawonongeka, ndipo zimene ikanatiuza za anthu akalewo palibe adzazidziwenso. Sananene mokalipa, koma ndinaona kuti zamupweteka zenizeni, ndipo ndinamumvera chisoni. Ndinati pepani, ife sitinkadziwa, koma anthu akale anuwo nawonso ankabereka, sindikhulupirira kuti akanatimana phale. Anati mwina ndi zoona, koma iye ntchito yake ndi kuwafunsa eni akewo, ndipo tsopano sangathe.

Tinagwirizana chonchi. Zingwe azichotsa, akumba kukhomo kwa phanga kokha, komwe kulibe wathu. Amuna awauza kuti kumapetoko dothi ndi losokonezeka, zomwe si bodza. Mpanda udzamangidwa, ophwanya miyala sadzafikako. Koma anatiuza mosabisa kuti malo akalowa m'manja mwa boma palibe wololedwa kukumbamo, ngakhale ife. Geti lidzakhala lokhoma, kiyi kwa mlonda, wofuna kulowa azipempha.

Ndiye ana athu apulumuka, koma atsekeredwa. Amene ali m'katimo ndi omwewo, sipadzabweranso wina. Mayi wina wachitsikana anafunsa kuti nanga zikadzachitikanso mawa tidzapita nawo kuti, phiri lonse lili mapuloti. Funso limenelo tinatsika nalo kunyumba.

Howard sanabwere kudzadya sabata yonse. Dzulo amuimbira kuti Emily wayamba kumva msana, wakwera basi osandilawira. Upemphere.

Mayi ako


Kawale, Lilongwe
25 Juni 2024

Amayi,

Emily anachira Lachitatu lapitali. Mwana wamwamuna, wamphamvu, amalira mpaka oyandikana nawo akudandaula. Onse awiri ali bwino ndipo atuluka.

Tsiku lotuluka ndinali ndikadakwiya nanu. Ndinayamba kumuuza Emily kuti mayi anga anandivula pamaso pa mabwana chifukwa cha zinthu zimene akuzidziwa okha. Iye anamuika mwana pa bedi, anatseka chitseko, n'kundiuza.

Amayi, ndinagwada pamenepo. Munandiuza kuti ndisunthe.

Sindikudziwa ngati ndikwiye kapena ndithokoze. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti achipatala ndiwo anatenga, kuti palibe malo, palibe poti munthu n'kuloza. Inu munkaganiza kuti sindinafunse chifukwa ndine mwamuna wolangizidwa. Sindinafunse chifukwa ndinkaopa kuti mundiuza kuti anatayidwa.

Za mpanda sindisintha maganizo. Ukanapanda kubwera, tsiku lina mwana wanga akanapezeka pansi pa matayala oyaka. Koma sindiiwala kuti ndine amene ndinaloza chala pomwe fosholo iyambire. Kukhomo kwa phanga tapeza mikanda ndi zitsulo zakale, Dokotala akuti ndi zofunika kwambiri. Ndayesa kukondwa, mwina ndidzakondwa m'tsogolo.

Dzulo tinapita naye mwana ku sikelo. Namwino polemba anafunsa ngati ndi woyamba. Ndinayankha ndine, ndinati wachiwiri. Emily anandigwira dzanja.

Ndili ndi funso limodzi, ndipo Emily sangandiyankhe poti sanamuone. Ngati mwambo ukuletsa, muuphwanye kamodzi kokha chifukwa cha ine. Anali mnyamata kapena mtsikana?

Mwana wanu,
Howard


Machinjiri
2 Julayi 2024

Howard mwana wanga,

Ndavina ndekha m'nyumba mpaka mwendo wandikumbutsa zaka zanga. Ndikubwera Loweruka ndi Kalisto, mundikonzere pogona.

Anali mtsikana. Anali ndi tsitsi lambiri, lakuda bii, ndi zala zazitali ngati zako. Ndinamusambitsa ndi madzi ofunda ngakhale anthu amati n'zosafunika. Sanapite wamaliseche, ndinamukulunga m'nsalu yanga yatsopano.

Anthu a mpanda ayamba kale kukumba maenje a mapolo. Ukadzabwera pa Khirisimasi udzapeza geti atakhoma. Iwe ndiwe wa boma, ukhoza kupempha kiyi, koma usadzatero, poti m'katimo muli ana a amayi ena amene amuna awo sanauzidwe. Tidzaima panja pa waya tonse atatu, iwe, Emily ndi ine, ndipo ndidzakulozera ndi chala pomwe wagona mwana wako.

Mayi ako,
Ellen